Maphunziro a mankhwala oopsa asakhale a opopera okha

Mukamakonza maphunziro a kagwiritsidwe ntchito ka mankhwala ophera tizilombo, musaitane opopera okha. Nanga amene amachapa ovololo ya wopoperayo? Nanga banja limene nyumba yake ili mbali imene mphepo imalowera? Usiku wa pa 2 Disembala 1984, mpweya wapoizoni wa methyl isocyanate utatuluka pa fakitale yopanga mankhwala ophera tizilombo ya Union Carbide ku Bhopal, m'dziko la India, anthu zikwizikwi amene anafa anali okhala m'nyumba zoyandikana ndi fakitaleyo, ndipo ambiri anali asanauzidwepo chochita ngozi yotere itagwa.

Maphunzirowo asathere pa bolodi. Bweretsani sipuleya, thiranimo madzi okhaokha, aliyense ayese ena akuonerera. Khalitsani pa kasakanizidwe, chifukwa apa mankhwala amakhala asanasungunulidwe, ndipo dontho limodzi pakhungu limaposa madontho ambiri a m'munda. Anthu amaopa kumeza, kuiwala kuti khungu nalo limamwa. Magolovesi akhale a labala, osati a nsalu kapena achikopa, pakuti amenewa amanyowa n'kusunga poizoni padzanja tsiku lonse. Thalauza ikhale kunja kwa jombo kuti zodontha zisalowemo. Magolovesi atsukidwe asanavulidwe. Kabowo kotulukira mankhwala kakatseka, musapemerere ndi pakamwa; chizolowezi chimenechi n'chovuta kuthetsa, choncho bwerezani chenjezoli mpaka atope nanu.

Amene sadziwa kuwerenga aphunzire mzere wa mtundu umene uli m'munsi mwa chizindikiro cha botolo: wofiira ndiwo woopsa kwambiri, kenako wachikasu, wabuluu, n'kumalizira wobiriwira. Wobiriwirawo sukutanthauza kuti mungagwire ndi manja.

Apabanja ndi oyandikana nawo adziwe zizindikiro zoti poizoni walowa m'thupi mwa munthu. Mankhwala a gulu la organophosphate amasokoneza mitsempha, ndipo munthu amatuluka dovu ndi thukuta lambiri, amasanza, minofu imanjenjemera, mwana wa diso amachepa ngati kansonga ka singano. Woteroyo si woti agone kaye kuti muone mmene adzukire. Muchotseni pamalopo, muvuleni zovala, musambitseni ndi sopo, ndipo ngati mankhwala alowa m'maso tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15. Musamumwetse mkaka kapena kumukakamiza kusanza. Thamangirani naye kuchipatala mutanyamula botolo kapena chizindikiro chake, kuti adokotala adziwe ngati akufunika atropine, mankhwala olimbana ndi poizoni wa mtunduwu.

Zovala zopoperera zichapidwe pazokha, wochapa atavala magolovesi. Botolo likatha, litsukuluzeni katatu, madziwo muwathire mu sipuleya, kenako liboolereni kuti wina asatungire madzi akumwa. Maphunzirowa muziwabwereza nyengo iliyonse yopopera isanayambe, ndiponso nthawi ina iliyonse mukalemba wantchito watsopano kapena mukasintha mankhwala.