Momwe mungapangire kaloboti kolondera mtsinje usiku

Ife a kuchigwa cha Shire tikudziwa kuti madzi otisamutsa nthawi zambiri si amvula yathu. Mvula imagwa kumapiri a Thyolo, Mulanje ndi Mwanza, kuno tikuona nyenyezi, kenako pakati pa usiku Ruo kapena Mwanza wafika pakhomo. Tinaziona mu January 2015, tinazionanso ndi namondwe Ana mu January 2022, yemwe anawononga ngakhale damu la magetsi la Kapichira, ndi Freddy mu March 2023. Choncho mwana wasukulu akandifunsa loboti yoti ayambire kupanga, sindimuuza za kagalimoto kozungulira pabwalo. Ndimamuuza za mlonda wosagona, wopenya madzi usiku wonse.

Ena amati loboti ndi yokhayo ya manja ndi miyendo. Ayi. Chinthu chikamamva, n'kuganiza, n'kuchitapo kanthu pachokha, chalowa kale m'banja la maloboti. Kathuka kamayeza msinkhu wa madzi, kamaona ngati akukwera, kenako kamaliza hutala ndi kukweza mbendera.

Zofunika kusonkhanitsa

Ubongo wake ndi Arduino Uno, kabolodi ka banja la Arduino, lomwe linayambira ku Ivrea m'dziko la Italy cha m'ma 2005. Yotsanzira yotchipa imagwira bwinobwino, kungoti yambiri imafuna kuti muike kaye pulogalamu yotchedwa CH340 pakompyuta kuti ziwonane. Khutu lake ndi sensa ya HC-SR04, ija yooneka ngati maso awiri. Pezaninso kachipangizo kolira kamagetsi kotchedwa buzzer, timagetsi ta LED titatu (kobiriwira, kachikasu ndi kofiira), ma resistor (tochepetsa mphamvu ya magetsi) atatu a 220 ohm, kamota ka servo ka SG90, breadboard (kabolodi ka mabowo kolumikizirapo popanda kuwotcherera) ndi timawaya take. Bolodi, sensa ndi servo muyenera kuitanitsa ku Blantyre kapena paintaneti. Zotsalazo, monga mawaya, ma LED ndi masiwichi, mungazipeze kwa okonza mawailesi ndi mafoni pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula, ndipo iwowo ndi amene angakuphunzitseni kuwotcherera mawaya.

Musanataye ndalama, yesani zonse pa Tinkercad. Ndi tsamba laulere pomwe mumalumikiza Arduino ndi sensa yomweyi pasikirini. Mukalakwitsa pamenepo palibe chimapsa.

Gawo loyamba: kulumikiza patebulo

Sensa ili ndi miyendo inayi. VCC (mwendo wolandira moto) ipite pa 5V ya Arduino, GND (negetivu) pa GND, Trig pa pini 7, Echo pa pini 8. Ma LED aikeni pa pini 3, 4 ndi 5, kalikonse ndi resistor yake, mwendo wautali kumbali ya pini. Buzzer pa pini 6. Waya wa servo wa mtundu wa lalanje upite pa pini 9, wofiira pa 5V, wabulawuni pa GND. Pa dzanja la servo mangiriranipo kamtengo kopepuka ndi kansalu kofiira.

Chitani zonsezi chingwe cha USB chili chozula. Mukamaliza, yang'ananinso VCC ndi GND kawiri. Ine sensa yanga yoyamba ndinaipha posinthanitsa mawaya awiriwa, ndipo ndinadikira milungu kuti ina ifike.

Gawo lachiwiri: kuphunzitsa kuyeza

Sensayi imatulutsa kamawu ka 40 kHz, komwe khutu la munthu silimva, n'kudikira kuti kagunde chinthu kabwerere, monga mmene amachitira mleme. Mu Arduino IDE, pulogalamu ya pakompyuta yolembera malamulo a bolodi, lembani kuti pini ya Trig iyake kwa ma microsecond 10 (sekondi imodzi ili ndi ma microsecond miliyoni imodzi), kenako lamulo la pulseIn liwerenge nthawi imene Echo yakhala yoyaka. Nambala imeneyo mukaigawa ndi 58 mupeza masentimita. Amene alibe kompyuta angagwiritse ntchito ArduinoDroid pafoni ya Android ndi kachingwe ka OTG.

Tsopano apa ndi pamene a ku Nsanje tiyenera kusiyana ndi zolembedwa paintaneti. 58 ija inawerengedwa potengera mpweya wa madigiri 20, pomwe mawu amathamanga mamita 343 pasekondi. Kukamatentha mawu amathamanga kwambiri, pafupifupi mamita 0.6 pasekondi pa digiri iliyonse yowonjezera. Masana a October kuno, kutentha kukafika 40, liwiro limakhala cha pa 355, ndipo nambala yoyenera kugawira ndi 56. Mukasiya 58, pa mtunda wa mamita 3 sensa idzanama ndi masentimita pafupifupi 9, kunena kuti madzi ali pafupi pamene sanasunthe n'komwe. Dzuwa likalowa nambala ibwereranso. Mungaganize kuti mtsinje umakwera masana n'kuphwa usiku, pomwe ndi mpweya chabe. Chothetsera chake n'kuwonjezera kasensa ka kutentha, monga DS18B20, kuti Arduino iziwerengera yokha liwiro: 331 kuphatikiza 0.6 kuchulukitsa ndi madigiri. Ngati mulibe, gawani ndi 57 ndipo musaike malire oyandikana kwambiri.

Yeserani ndi ndowa. Mangani sensa pampando, iloze pansi, ndowa ili kunsi kwake. Thirani madzi pang'onopang'ono mukuyang'ana manambala pa Serial Monitor, kazenera ka mu Arduino IDE koonetsa zimene bolodi ikutumiza, ndipo muziyerekeza ndi tepi ya telala. Kumbukirani kuti nambala ikamachepa ndiye kuti madzi akukwera.

Gawo lachitatu: kuphunzitsa kuganiza

Ikani malire atatu. Madzi ali kutali, kobiriwira kayake. Afika pakati, kachikasu kayake ndipo buzzer izilira modukizadukiza. Adutsa malire omaliza, kofiira kayake, buzzer ilire osalekeza, servo itembenuke madigiri 90 kukweza mbendera.

Musalole kuti kuyeza kumodzi kudzutse mudzi. Namasupuni woyandama, mbalame yodutsa, ngakhale funde la bwato zingasokoneze sensa. Uzani Arduino iyeze kasanu, isanje manambalawo kuyambira wamng'ono, itenge wapakati. Mlonda wokuwa pachabe kawiri katatu anthu amamuzolowera, ndipo tsiku lenileni palibe adzatuluke m'nyumba.

Chinanso chimene ambiri amaiwala ndi liwiro la kakweredwe. Madzi okwera chikhatho chimodzi pa tsiku ndi osiyana ndi okwera chikhatho chimodzi pa mphindi khumi, ngakhale onse ali pa msinkhu umodzi. Sungani muyeso wa mphindi khumi zapitazo, muuchotsere wa tsopano, ndipo kusiyana kukakula kachikasu kayake ngakhale malire asanafike. Nambala ya kusiyanako musaitenge kwa ine. Mtsinje uliwonse uli ndi khalidwe lake, ndipo akuluakulu olima madimba m'mphepete mwake amaudziwa kuposa tonsefe.

Gawo lachinayi: kutuluka nako panja

Patebulo chilichonse chimagwira. Chimene chimapha timakina totere ndi dzuwa, chinyezi ndi tizilombo.

HC-SR04 siipirira madzi, ndipo imayeza kuyambira masentimita 2 mpaka 400. Ya panja ndi JSN-SR04T, yomwe mutu wake ndi wotsekeka ndipo imalumikizidwa chimodzimodzi, koma siiona chinthu chimene chili pafupi kuposa masentimita 20 kapena 25. Muikweze ndithu. Muimange kumapeto kwa paipi yotuluka patali ndi mlongoti, iloze pansi molunjika, chifukwa mawu ake amamwazika ndipo ikayandikira mtengo idzayeza mtengowo.

Bolodi ikhale m'kabokosi kapulasitiki koyera, mabowo onse ali kunsi, pamwamba pali kadenga ka lata kosiya mpata wa mphepo. Mabowowo atsekeni ndi sefa wa waya wa pawindo, apo ayi nyerere ndi mavu asamukiramo. Mlungu uliwonse pukutani ukonde wa kangaude pamaso pa sensa.

Za moto: power bank ambiri amadzizimitsa okha akaona kuti chinthu chikukoka mphamvu yochepa, ndiye musawadalire. Batire laling'ono la 12V la njinga yamoto, sola ndi charge controller (kachipangizo koteteza batire potchaja) n'zodalirika, ndipo pakati pa batire ndi Arduino ikanipo buck converter yotsitsira mphamvu kufika pa 5V. Servo idye kuchokera pa converter, chifukwa ikamakoka kudzera pabolodi imatha kuyambitsanso Arduino. Batire lomweli likupatsani mwayi wochotsa buzzer, yomwe mvula ikamagunda malata siimveka, n'kuikapo hutala ya njinga yamoto kudzera pa relay (swichi yoyatsidwa ndi Arduino). Mabatire a 18650 ochokera m'malaputopu akale amagwira, koma lithium ndi kutentha kwa Ngabu sizimvana. Asakhale padzuwa.

Malo oika, ndi uthenga wa pafoni

Kaloboti kali pakhomo panu kadzakuuzani za madzi amene mwawaponda kale. Malo ake ndi kumtunda kwa mtsinje, komwe madzi amadutsa asanakufikeni. Ndiye chifukwa chake gawo lomaliza ndi SIM800L, kachipangizo kolowetsamo simu ya Airtel kapena TNM kuti kazitumiza SMS. Nkovuta pang'ono: kamafuna mphamvu ya pakati pa 3.4V ndi 4.4V, ndipo potumiza kamakoka mpaka ma amp 2 mwakanthawi, choncho kapatseni converter yakeyake, ma GND onse alumikizane. Kamagwira pa 2G pokha, ndiye fikani pamalopo ndi foni ya mabatani muone ngati netiweki ilipo. Kauzeninso kazitumiza uthenga umodzi m'mawa uliwonse wonena msinkhu wa madzi ndi mphamvu ya batire, kuti kakangoti zii mudziwe kuti kafa.

Musanazike mlongoti, kaonaneni ndi amfumu komanso komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'mudzimo. Iwo ndi amene anganene manambala oyenera kulandira uthenga, ndipo chinthu chimene mudzi ukuchidziwa sola yake siisowa msanga. Auzeni poyera kuti ichi n'chothandizira chabe, machenjezo a nthambi yoona zanyengo ndi a DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi) apawailesi ayenera kumvedwabe. Pa mlatho musaboole kapena kumangirira kanthu popanda chilolezo.

Ntchito yoika ichitike mu September kapena October madzi ali pansi, masana, muli anthu atatu kapena anayi. Mmodzi asagwire chida chilichonse, ntchito yake ikhale kuyang'ana m'madzi, chifukwa ng'ona za mu Shire sizidziwa kuti mwabwera ndi sayansi.