Momwe mungasefere ndemanga za owonera filimu ya Training Day musanalembe yanuyanu

Mukatsegula tsamba la IMDb kapena la Rotten Tomatoes n'kufufuza filimu ya Training Day, mudzapeza ndemanga zochuluka za anthu wamba zomwe zimatsutsana kwambiri moti mungaganize kuti olembawo adaonera mafilimu awiri osiyana. Filimuyi idatuluka m'chaka cha 2001, adailemba ndi David Ayer, adaitsogolera ndi Antoine Fuqua, ndipo imasimba za tsiku limodzi lokha lomwe wapolisi wachinyamata, Jake Hoyt, akuyesedwa ntchito ndi mkulu wake Alonzo Harris m'gulu lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo mumzinda wa Los Angeles. Dziwiranitu kuti m'munsimu ndaulula momwe nkhaniyo imathera.

Choyamba, onerani filimuyo musanawerenge ndemanga ya munthu aliyense, ndipo ana akhale atagona chifukwa muli kutukwana, kuwomberana ndi kusuta. Imatenga maola awiri ndi mphindi zochepa. Ngati n'kotheka pezani ya mawu ake enieni, osati ija womasulira walowetsamo Chichewa ndi nthabwala zake, popeza mphamvu ya Alonzo ili pakamwa pake, ndipo nthabwala ikagwera pamalo oopsa mumaseka pomwe mumayenera kuchita nthumanzi. Ikatha, lembani papepala zinthu zitatu: pomwe mudayamba kumukayikira Alonzo, pomwe mudaleka kumukonda, ndi pomwe mudaona kuti nkhani yakokedwa mokakamiza. Pepalali lisungeni, chifukwa mukawerenga ndemanga makumi awiri mudzaiwala zomwe inuyo mudamva.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe pagona ntchito yaikulu, gawani ndemangazo m'milu iwiri: zoyamikira Denzel Washington, yemwe adasewera Alonzo, ndi zoyamikira Alonzo Harris mwiniwakeyo. Zoyambazo zili ndi maziko, pakuti Washington adalandira mphotho ya Oscar mu 2002 kaamba ka gawoli, ndipo adakhala mwamuna wakuda wachiwiri kulandira mphotho ya wosewera wamkulu kutsatira Sidney Poitier. Zachiwirizo ndizo zofunika kuziyang'anitsitsa. Mudzakumana ndi owonera ambiri onena kuti Alonzo ankanena zoona, kuti m'misewu ya zigawenga wapolisi wofatsa sachedwa kufa, ndi kuti Jake adali mwana wosadziwa dziko. Mukawerenga zotere, bwererani ku chochitika cha m'galimoto yakuda ija ya Monte Carlo: Alonzo aimika galimoto pakati pa mphambano, magalimoto ena akuliza mahutala, aloza mfuti pamutu pa Jake, n'kumukakamiza kusuta chamba chomwe angolanda kumene. Pa nthawiyo zimaoneka ngati phunziro louma mtima koma lothandiza. Posakhalitsa Alonzo amuuza kuti chambacho chidali chosakaniza ndi mankhwala ozunguza bongo a PCP, koma madzulo ake m'pomwe zimadziwika kuti adamusutitsa mwadala, n'cholinga choti Jake akafuna kuulula zoipa za mkulu wake, magazi ake amutsutse ndipo pasakhale womukhulupirira. Phunziro lija lidali msampha wotcheredwa kalekale.

Choncho wowonera amene akutama nzeru za Alonzo wagwa m'mbuna yomwe Jake adatsala pang'ono kugweramo, ndipo mwa ine ichi n'chizindikiro chakuti filimuyo idagwira ntchito yake, osati chakuti wowonerayo waimvetsa. Katangale wa m'filimuyi sabwera ndi envulopu ya ndalama poyamba. Amabwera ndi mawu okoma onena za kuteteza anthu, kenako kachinthu kakang'ono koti musanene kwa akuluakulu, mpaka mudzadzidzimuke muli m'khitchini ya Roger, mnzake wakale wa Alonzo wogulitsa mankhwala ozunguza bongo, pansi pakumbidwa, ndalama zokwana madola mamiliyoni anayi zili poyera, ndipo mukupatsidwa gawo lanu. Ndemanga yomwe yaona kayendedwe aka iikeni pamwamba, ngakhale mwini wake atapereka nyenyezi zochepa.

Pali mulu wina waung'ono wa owonera odandaula kuti Washington adapatsidwa mphothoyo atasewera munthu woipa, pomwe adamanidwa atasewera Malcolm X mu 1992. Dandaulo limeneli ndi lomveka, koma likukhudza opereka mphotho, osati filimuyo, kotero liikeni padera.

Chachitatu, yesani ndi mbiri yeniyeni ndemanga zonse zonena kuti zoterezi sizingachitike, komanso zonena kuti filimuyi ndi nkhani yoona. Zonse ziwiri zaphonya. Mu 1998 wapolisi wa ku Los Angeles, Rafael Pérez, wa m'gulu lolimbana ndi zigawenga lotchedwa CRASH m'dera la Rampart, adamangidwa chifukwa choba mankhwala a cocaine m'chipinda chosungiramo umboni, ndipo pofuna kuchepetsa chilango chake adaulula za apolisi anzake pafupifupi 70. Adavomera kuti mu 1996 iye ndi mnzake adawombera mnyamata wina, Javier Ovando, yemwe adalibe chida chilichonse, namuikira mfuti kuti aoneke wolakwa. Ovando adalumala, adagamulidwa zaka 23, ndipo adatulutsidwa mu 1999 choonadi chitadziwika. Zigamulo zoposa 100 zidafafanizidwa, ndipo mzindawo udalipira chipukuta misozi cha madola pafupifupi 125 miliyoni. Wonena kuti apolisi sangabe, kupha ndi kunamizira mogwirizana chonchi sadawerenge za Rampart. Komabe Alonzo si Pérez, ndipo Ayer adali atayamba kale kulemba nkhani yake za Rampart zisanaphulike. Chomwe chili chopeka kwambiri ndi kupanikiza zonsezi m'tsiku limodzi, zinthu zomwe m'moyo weniweni zimamera pang'onopang'ono kwa zaka.

Chachinayi, perekani chigamulo chanu pa nkhani ya kachikwama, chifukwa palibe chomwe owonera amakanganirana kuposa ichi. Masana Jake apulumutsa mtsikana wasukulu kwa amuna awiri m'kanjira, natola kachikwama komwe mtsikanayo wagwetsa. Usiku Alonzo amusiya m'nyumba ya zigawenga kuti zimuphe, ndipo atamugoneka m'bafa mfuti ili kumaso, chimodzi mwa zigawengazo chipeza kachikwamako, kenako mtsogoleri wawo Smiley azindikira kuti n'ka msuweni wake. Jake apulumuka. Ena amati uku n'kubera kwa wolemba, popeza mumzinda wa anthu mamiliyoni mwayi wotere ndi wosatheka. Ine ndimavomereza kuti msoko ukuonekera, koma ndimaona kuti chomwe chamupulumutsa Jake ndi chinthu chokhacho chaupolisi weniweni chomwe adachita tsiku lonselo, chomwenso Alonzo adachinyoza kuti n'kutaya nthawi. Mungatsutsane nane, bola munene chifukwa chake. Chitaninso chimodzimodzi ndi mathero, pomwe anthu a m'dera lomwe Alonzo ankaliyesa lake amutembenukira, ndipo zigawenga za ku Russia zomwe adayenera kuzilipira madola miliyoni imodzi pofika pakati pa usiku zimuwombera m'galimoto. Funso loti mudzifunse ndi lakuti: kodi imfa ya Alonzo yathetsa chiyani, pomwe akuluakulu atatu azamalamulo omwe adakumana naye m'lesitilanti n'kumuloleza kukabera Roger akadali pa mipando yawo? Ndemanga zochepa zokha ndizo zimafika pa funsoli.

Pomaliza tulutsani pepala lija, muyerekeze ndi zomwe mwawerenga, ndipo mulembe. Chiganizo choyamba chinene maganizo anu mosapita m'mbali, kenako muwatsimikizire ndi zochitika ziwiri zomwe mwazifotokoza bwino, osati kubwereza nkhani yonse. Tchulani Washington mukamakamba za kasewero, ndipo tchulani Alonzo mukamakamba za khalidwe, kuti wowerenga asasokonezeke monga momwe ambiri asokonekera. Musaiwale Ethan Hawke, wosewera Jake, amene naye adasankhidwa kupikisana nawo pa mphotho ya Oscar, chifukwa mantha omwe mumamva m'filimuyi mumawaonera pankhope pake. Ngati muulula za kachikwama kapena za mathero, ikani chenjezo pamwamba penipeni, ndipo nyenyezi muzipereke mutatha kulemba, osati musanayambe.