Mungadziwe bwanji kuti mwana wayamba chamba kapena timabotolo, nanga mutani?

Makolo anzanga a ku Ulónguè, Moatize, Zóbuè ndi kwina konse mu Tete muno, ambirife timadikira maso ofiira kuti tidziwe kuti mwana wayamba suruma, chamba chija. Pofika pamenepo zinthu zapita kale patali, komanso anawa ndi ochenjera, amagula mankhwala a m'maso n'kudontheza asanalowe m'nyumba. Inu yambani ndi ndalama komanso nthawi yake.

Chenji cha kuchigayo sichikubwerera, tsiku ndi tsiku akufuna ma meticais a fotokope zosatha, nkhuku ikusowa m'khola popanda nthenga, thumba la mbatatesi likuchepa lokha, foni akuti yabedwanso. Anzake akale aja anasiya kubwera, atsopanowa amangoimba likhweru ali kumseu, pabwalo safika. Ngati amalowa sukulu masana musakhulupirire yunifomu yokha ayi, pitani nokha kwa aphunzitsi oyang'anira kalasi yake mukafunse masiku amene wajomba.

Pochapa zovala pisani m'matumba. Tinjere tating'ono totuwa, timapepala tong'amba m'kope, machesi pamene mwanayo sakoleza n'komwe moto pakhomo. Onaninso nsonga za zala ngati zapsa kapena zachita chikasu. Wachamba amabwera ndi njala yoopsa, kukolopa nsima yozizira mpaka mkute wa mawa, kuseka zopanda mutu kenako tulo. Wa kachasu ndi timabotolo ta mowa totchipa tija amabisa fungo ndi chingamu kapena maswiti. Ovuta kuwagwira ndi amene amamwa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, amathira mu fanta ndiye fungo palibe, mumangoona mwana akuwodzera nthawi iliyonse, akudzikanda, kulankhula mokoka ndipo kuchimbudzi kukumuvuta. Koma chizindikiro chimodzi si umboni, mwana wa zaka 15 amatha kusintha chifukwa chongokula basi kapena pali china chikumudya mumtima.

Mwapeza umboni, ndiye mutani? Chikwapu chisungeni kaye. Ndikudziwa mtima umapsa, koma mwana womenyedwa amathawira kwa omwe amamugulitsa aja, ndipo kuno malire ali pafupi, mawa mungomva ali ku Dedza kapena ku Mwanza. Musalankhule naye ataledzera, dikirani m'mawa, mukhale pansi awiriwiri osati pamaso pa abale ake. Nenani zimene mwaona, "mwana wanga, ndapeza izi m'thalauza lako, unayamba liti, amakupatsa ndani?" Kenako khalani chete amalize, ngakhale akuname poyamba. Ngati inu mawu sakutuluka bwino itanani amalume ake kapena azakhali amene amamasuka nawo.

Mukatero mupite naye kuchipatala. M'zipatala zambiri za boma muli SAAJ, mbali yothandiza achinyamata, ndipo vuto likakhala lalikulu amakutumizani kwa oona za matenda a maganizo. Pali nambala yaulere 116, Linha Fala Criança, imene mwana kapena kholo angaimbe. Mapemphero apitirire koma chipatala musachisiye, makamaka mwana akayamba kulankhula yekha, kumva mawu kapena kukayikira aliyense kuti akufuna kumupha, chamba chimatha kudzutsa zimenezi poti ubongo umakhala ukukulabe mpaka zaka za m'ma 25. Amene wazolowera mowa tsiku lililonse mpaka kunjenjemera m'mawa asasiye mwadzidzidzi popanda adokotala, amatha kugwa ngati wakhunyu.

Zopewa zimayambira pakhomo pomwe. Kutuma mwana kukagula kachasu kapena ndudu, bambo, ndiye mwamusonyeza nokha njira ndi mtengo womwe. Ndalama za kusukulu kalipireni nokha ngati n'kotheka, ikani ola lofikira pakhomo, mudziwane ndi makolo a anzake, ndipo mpira, kwaya kapena kudimba zimudyere nthawi. Lamulo lilinso kumbali yanu, Lei 3/97 imaletsa kulima, kugulitsa ndi kusuta chamba, ndipo kugulitsa mowa kwa wosakwana zaka 18 n'koletsedwanso. Baraka imene ikugulitsa kwa ana musalimbane nayo nokha, pitani angapo kwa anyakwawa, a sekeretale a bairo kapena kupolisi.

Mukamupeza wakomoka, sakudzuka kapena akupuma movutikira, mugonekeni cham'mbali kuti asatsamwe ndi masanzi, osamumwetsa mkaka, osamukakamiza kusanza. Pezani njinga yamoto, txopela kapena galimoto iliyonse muthamangire naye kuchipatala, ndipo botolo limene wamwalo mulitenge adokotala akalione.