Mmene mungatengere khalidwe la Barnaba

Tikati titengere chitsanzo kwa munthu wa m'Baibulo ambiri timathamangira kwa Davide kapena Paulo, koma ine amene amandifika pamtima ndi Barnaba. Dzina lake lenileni linali Yosefe, Mlevi wobadwira ku Kupro, koma atumwi ataona mmene ankakhalira anangomutcha Barnaba kutanthauza mwana wa chilimbikitso, zili pa Machitidwe 4:36. Tangoganizani, khalidwe mpaka kukwirira dzina lobadwa nalo. Ndiye ngati mukufuna kumutengera dziwiranitu kuti si zaulere, si zija zongoponya kavesi pa WhatsApp mmawa basi nkhani yatha ayi, iyeyu kulimbikitsa anthu kunkamudyera kanthu nthawi zonse.

Yambani ndi chomwe chili m'manja mwanu. Koyamba kumva za iye ndi pomwe anagulitsa munda wake ndalamayo nkukaitula kwa atumwi kuti agawire osowa. Sindikuti mugulitse munda, koma mnzanu akakuuzani kuti ntchito yamuthera musangoti tikupemphererani nkudula foni, mufunseni kuti sabata ino chavuta nchani, chomwe mungathe chitani mwakachetechete. Osati za Hananiya ndi Safira zija, nawonso anagulitsa malo koma anabisa ina nkunama, mathero ake mukuwadziwa.

Chovuta zedi ndi ichi, kuyimira munthu amene aliyense akumuthawa. Saulo, yemwe timamudziwanso kuti Paulo, atatembenuka anafika ku Yerusalemu akufuna kulowa m'gulu la ophunzira koma onse ankamuopa, ndipo sitingawanene, munthu yemwe uja anavomereza kuti Stefano aphedwe, ankalowa nyumba ndi nyumba kukoka amuna ndi akazi omwe kukawatsekera kundende, lero akuti ndine m'bale wanu? Barnaba ndi amene anamutenga kupita naye kwa atumwi nkuwafotokozera mmene anakumanira ndi Ambuye panjira komanso mmene analalikira mosaopa ku Damasiko. Apa anaika mbiri yake pachiswe chifukwa Saulo akanakhala kazitape mlandu ukanagwera iye. Inuyo Lamlungu likubwerali tayang'anani benchi yakumbuyo kwenikweni, pamakhala munthu wina yekhayekha, kaya anatuluka kundende kaya banja linatha mochititsa manyazi, ameni womaliza akangomveka amakhala watuluka kale. Musadikire komiti, kakhaleni naye pafupi. Koma osachita mwachimbulimbuli, onani kuti Barnaba anali ndi zoti anene, nkhani ya Saulo ankaidziwa bwinobwino. Ndiye mverani kaye munthuyo, mupatseni nthawi, kenako mukamufikitse kwa anthu nkunena ndi pakamwa panu kuti uyu ine ndikumudziwa.

Kenako phunzirani kupitiridwa, izi ndiye zimawawa abale. Mpingo wa ku Antiokeya utayamba kukula a mpingo wa ku Yerusalemu anatumako Barnaba, zinthu zinkayenda bwino moti akanatha kukhala bwana yekha, koma ananyamuka mpaka ku Tariso kukasaka Saulo nkubwera naye, anaphunzitsa limodzi chaka chathunthu ndipo nkomwe ophunzira anayamba kutchedwa Akhristu. Mukamawerenga buku la Machitidwe mosamala muona kuti poyamba akulemba Barnaba ndi Saulo, pofika chaputala 13 zatembenuka, malo ambiri akuyamba ndi Paulo. Palibe pomwe timamva kuti anakwiya nazo. Ndiye mwana amene munamuphunzitsa nokha kuimba mu kwaya akayamba kupatsidwa maiki kuposa inu, kamtima kaja kakati thii musakamvere, muimbireni mmanja ndipo akalakwitsa kamuuzeni pambali osati pagulupu.

Pena musaganize kuti anali mngelo. Pa Agalatiya 2:13 Paulo akuti nayenso Barnaba anatengeka ndi chinyengo cha Petro ndi anzake pomwe anasiya kudya ndi anthu amitundu ina poopa alendo ochokera kwa Yakobo, mtsogoleri wa mpingo wa ku Yerusalemu. Munthu wokonda mtendere msampha wake ndi umenewu, kufuna kusangalatsa aliyense, apa pokha musamutengere.

Nkhani ya Yohane Marko ndiye imandikhudza kwambiri. Mnyamatayu anasiya Paulo ndi Barnaba panjira ku Pamfuliya pa ulendo wawo woyamba wokalalikira nkubwerera ku Yerusalemu, ndiye pokonza ulendo wachiwiri Barnaba akuti timutenge, Paulo akuti ayi uyu anatithawa ntchito ili mkati, anakangana koopsa mpaka anasiyana, Paulo anatenga Sila, Barnaba anatenga Marko nkukwera ngalawa kupita ku Kupro. Ena amati ankangokondera poti Marko anali msuweni wake, mwina, koma Saulo uja analibe naye ubale uliwonse ndipo anamuchitira zomwezo. Munthu amene anakukhumudwitsani, anathawa udindo kapena anasowa tsiku lomwe mumamudalira, musamubwezere udindo wonse lero lomwe, mupatseni kantchito kakang'ono muzigwira naye limodzi ndipo zakale zija musamazikumbe mukangosiyana maganizo. Ena akunenani kuti ndinu ofewa, mwinanso mnzanu wapamtima akusiyani ngati mmene zinachitikira apa. Patapita zaka Paulo yemwe uja ali mundende analembera Timoteo kuti pobwera atenge Marko chifukwa ndi wothandiza pa utumiki, kawerengeni 2 Timoteo 4:11.