Sipeya ya galimoto yakale ikasowa, yambirani apa

Mwafunsa kuti mutani poti galimoto yomwe mukuidzutsayo anasiya kalekale kuipangira masipeya. Choyamba, chitsulo chakuthacho musataye, ngakhale chitadyeka ndi dzimbiri. Chitsukeni ndi palafini, mupale ndi bulashi yawaya, muone nambala imene anadindapo. Nambala imeneyo ndi imene mufufuzire pa intaneti, osati dzina la galimoto lokha.

Kenako lembani nambala ya chasisi ndi ya injini. Galimoto zopangidwa 1981 isanafike zambiri zilibe VIN, nambala ya chasisi ya zilembo 17 imene galimoto zamakono zili nayo, ndiye musadabwe mukapeza yaifupi.

Chachitatu, funsani kuti chitsulocho anapanga ndani. Makampani ambiri ankagula kwa ena: zamagetsi za Lucas kapena Bosch, makabyuleta a SU omwe analowa mu MG, Austin, Morris ngakhalenso Volvo. Chimene chasowa pa dzina lina chimapezeka pa lina. Koma samalani ndi mabawuti. Galimoto zakale za ku Britain zili ndi mazinga a Whitworth, BSF kapena UNF, oyezedwa mu mainchi, ndipo mukakakamiza nati ya metiriki imalowa kawiri n'kugwira, basi mwawononga zonse.

Zikakanika, pangitsani. Gasiketi mutha kudula nokha: yalani pepala lake pachitsulocho, muzigogoda m'mphepete ndi kahamala kamutu wobulungira mpaka lidukire lokha. Mabushi amasema pa lathe (makina osemera zitsulo), timabatani tapulasitiki amasindikiza pa makina a 3D.

Labala wakale, ngakhale akhale m'bokosi lake losatsegula, ine sindimukhulupirira, amakhala atauma. Za mabuleki ndi chiwongolero gulani zatsopano zoyesedwa, musawotcherere.