Chingerezi cha mwana chiyambire pa njovu

Mwafunsa momwe mungathandizire mwana wa Sitandade 4 kuno ku Kasungu kugwira Chingerezi popanda mabuku. Yambani ndi njovu. Ana athu amazidziwa bwino, makamaka chibwerere njovu 263 zija zochokera ku Liwonde mu 2022.

Choyamba, ajambule njovu ndi khala pakatoni. Musamukonze, ngakhale chitamba chikhote ngati mpini wa khasu.

Kenako lembani dzina pambali pa chiwalo: "trunk" pa chitamba, "tusk" pa mnyanga, "ear" pa khutu. Atatu akwana, mukachulutsa atopa.

Akatero anene chiganizo chathunthu: "The elephant has a long trunk." Lilime likasokoneza "r" ndi "l", musaseke, tonsefe limatipunthwitsa. Bwerezani naye pang'onopang'ono.

Mawa phimbani mawuwo ndi dzanja, awatchule yekha. Mkuja mujambule mvuu.