Momwe mungatolere mawu a Chingerezi m'buku la nthano la kusukulu

Wophunzira wa Fomu 3 akalandira The Pearl, buku la John Steinbeck lomwe linatuluka mu 1947, lonena za Kino wosaka ngale m'nyanja, mkazi wake Juana ndi mwana wawo Coyotito, amayamba wasangalala chifukwa ndi kabuku kopyapyala, mitu 6 yokha. Akafika tsamba lachitatu nkhope imagwa. Mawu osawadziwa ali mbwee, ndipo ambiri amathamangira ku manotsi a aphunzitsi, buku lenilenilo n'kulisiya. Komatu Chingerezi ndi phunziro lomwe ukalilephera, satifiketi ya MSCE suiona ngakhale utakhoza maphunziro enawo. Mawu omwe mukuwathawa m'bukumo ndi omwewo adzakuthandizeni polemba chimangirizo. Njira ndi iyi.

Choyamba, werengani mutu wonse dikishonale ili chitsekere. Ndikudziwa kuti zimenezi zimawawa. Koma mukamaima pa liwu lililonse, pofika kumapeto kwa tsamba mudzakhala mutaiwala kuti mwana Coyotito walumidwa ndi chiyani. Khalani ndi pensulo ndi kapepala pambali, liwu likakuvutani lembani liwulo ndi nambala ya tsamba, kenako pitirizani. Musalembe m'buku la sukulu, makamaka kumene buku limodzi mumagawana anthu asanu.

Chachiwiri, sankhani. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndipo ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Kapepala kanu kakhoza kukhala ndi mawu 30 kuchokera m'mutu umodzi, koma si onse oyenera kuwasenza. Dzifunseni mafunso awiri: kodi liwuli labweranso kangapo? Nanga ndingaligwiritse ntchito kunja kwa bukuli?

Tengani pulque mwachitsanzo. Ndi chakumwa cha ku Mexico chopangidwa ndi madzi a chomera cha mtundu wa khonje, ndipo si liwu la Chingerezi n'komwe. Nthanoyi imachitikira ku La Paz, m'mbali mwa nyanja ku Mexico, n'chifukwa chake mawu otere akupezekamo. Lidziweni kamodzi, lisiyeni. Koma avarice, liwu lomwe limafotokoza khalidwe la dokotala uja wokana kuchiza mwana chifukwa makolo ake alibe ndalama, limenelo ligwireni ndi manja awiri. Ndi dyera la chuma, umbombo wosakhutitsidwa. Lidzakuthandizani poyankha funso la khalidwe la dokotalayo, la ogula ngale aja opangana mtengo kuseri, ngakhalenso polemba chimangirizo cha katangale. Pa mawu 30 aja sungani 8 kapena 10 basi.

Chachitatu, lotani tanthauzo musanatsegule dikishonale. Bwererani pa tsamba lija, werengani chiganizo cham'mbuyo ndi chakutsogolo. Pamene Juana akutola zomera za m'nyanja n'kuziika pa phewa lotupa la mwana wake, mukumana ndi liwu loti poultice. Kodi pakufunika dikishonale pamenepo? Aliyense wokulira kumudzi anaonapo agogo akusinja masamba n'kumata pa chotupa. Ndi zomwezo. Liwu lomwe mwalivumbula nokha chonchi silichoka msanga m'mutu, chifukwa lamatirira pa chithunzi. Mukatero tsopano tsegulani dikishonale kuti muone ngati munalasa.

Pa za dikishonale, ine ndimalangiza kuyamba ndi ya Chingerezi chokhachokha yolembera ophunzira, chifukwa imakuonetsani liwulo lili m'chiganizo. Ya Chingerezi ndi Chichewa, monga yomwe anakonza Steven Paas, muitsegule mukafuna kutsimikiza. Chenjerani ndi tanthauzo loyamba. Liwu loti deal lili ndi matanthauzo angapo, ndipo lomwe likugwirizana ndi ogula ngale si lomwe lingakhale pamwamba nthawi zonse.

Chachinayi, konzani kope lapadera, osati kumapeto kwa kope la Biology komwe simudzabwererako. Pa liwu lililonse lembani zinthu zinayi: liwulo, tanthauzo m'mawu anuanu (Chichewa n'chololedwa, musachite nacho manyazi), zomwe zinkachitika m'nthano pamene linatuluka, ndi chiganizo chanu cha Chingerezi chonena za moyo wanu. Chiganizo chanuchi ndiye chimene aulesi amadumpha. Bulwark ndi linga, chotchinga choteteza ku zoopsa, ndipo m'bukumo likunena za bwato la Kino, lomwe analandira kuchokera kwa bambo ake ndi agogo ake, loteteza banja ku njala. Msodzi wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi sangafune kumumasulira kawiri. Inu lembani chiganizo chonena kuti nkhokwe ya chimanga kwanu ndi bulwark pa njala ya mu February. Mukatero liwulo lasanduka lanu.

Chachisanu, liwu lililonse lifunseni abale ake. Mawu a Chingerezi amayenda m'mabanja monga momwe a Chichewa amachitira. Ife timati kulima, mlimi, ulimi; kusodza, msodzi, usodzi. Iwo amaphatikiza kumapeto: dive n'kukhala diver, track n'kukhala tracker, monga anthu aja olondola mapazi a Kino kumapiri. Poison amabala poisonous, avarice amabala avaricious. Mwatola liwu limodzi koma mwapita kunyumba ndi atatu. Izi zimathandizanso pa mafunso a galamala ofuna kuti musankhe mtundu woyenera wa liwu.

Chachisanu ndi chimodzi ndi kubwereza, koma mwanzeru. Katswiri wina wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kale mu 1885 kuti zambiri zomwe munthu waloweza zimathawa m'maola ndi m'masiku oyambirira, kenako kuiwalako kumachepa liwiro. Choncho musadikire sabata ya mayeso. Onani mawu anu mawa lake, muwaonenso pakapita masiku atatu, kenako sabata, kenako mwezi. Ndipo kuona sikutanthauza kungoyendetsa maso. Phimbani tanthauzo ndi dzanja, linenereni pamtima, kenako vundukulani. Amene mwawaphonya aikeni chizindikiro, amenewo ndiwo muyambire ulendo wotsatira. Mphindi 10 zikukwana, ngakhale muli pamzere wa kuchigayo.

Ngati muli ndi mnzanu wodalirika, dulani timapepala, mbali ina liwu, mbali ina tanthauzo, muzifunsana. Koposa apo, fotokozeranani mutu womwe mwawerenga m'Chingerezi, aliyense akakamizike kulowetsamo mawu asanu a m'kope lake. Mudzaseka, mudzalakwitsa katchulidwe, palibe kanthu. Pa katchulidwe pomwepo, foni ikapezeka mverani momwe liwu limamvekera, poti Chingerezi sichiwerengedwa monga chimalembedwera. Ngakhale dzina la Juana, J wakeyo amamveka ngati H, chifukwa ndi dzina la Chisipanishi.

Pomaliza, mukamaliza mitu yonse 6, bwererani ku mutu woyamba muliwerengenso bukulo. Ambiri amaona ngati n'kutaya nthawi. Koma ulendo wachiwiriwu mudzadutsa pa scorpion, estuary ndi parable osapunthwa, ndipo maso anu adzayamba kuona zina zomwe munazidumpha, monga nyimbo zomwe Kino amazimva m'mutu mwake banja likakhala pamtendere kapena choipa chikamayandikira. Tengani kapepala katsopano. Mawu omwe munawasiya ulendo woyamba chifukwa anali ochuluka, ino ndiyo nthawi yawo, ndipo musankhenso 8 kapena 10 pa mutu uliwonse.